Aphunzitsi ndi Katumbu wa Kudimba

Chipumireni pa ntchito, Aphunzitsi ankasunga kope pawindo la pabalaza. M'menemo ankalembamo nyama iliyonse yakutchire imene aiona ndi maso awo: gwape amene anadumpha msewu pafupi ndi chigayo, nungu imene inasiya minga m'munda wa chinangwa, likongwe wakuba mazira. Za m'maluwa sankalemba. Koma katumbu anali asanamuonepo, ndipo chinkawapweteka mtima n'chakuti akazi awo ankamuona kawirikawiri kudimba, m'mbali mwa mtsinje.

"Dzulo anabweranso, ali ndi ana awiri," anatero mayiwo m'mawa wina akutsuka makapu. "Tiyeni mukangokhala pansi ine ndikuthirira."

"Kukhala pansi? Nyama amachita kuifunafuna, mayi. Ndaphunzitsa za chilengedwe zaka makumi atatu ine."

"Chabwino, Aphunzitsi. Ife osaphunzirafe tizingomuona."

Bambowo anavala jombo, natenga ndodo, ulendo wa kumtsinje. Ankakwera ndi kutsika gombe lonse, kukwapula bango, kutokosa mauna, uku akutsokomola ngati galimoto yakale pachitunda. Masiku asanu ndi limodzi anatha choncho. Chimene ankabwera nacho kunyumba chinali chisoso chodzaza buluku ndi njala yoti n'kudya ngakhale mnkhwani wopanda mchere.

"Mwandithamangitsira alendo anga," anadandaula mayiwo. "Chiyambireni kulondera mtsinje, ngakhale ine sindikuwaonanso."

Koma m'mawa mwake Aphunzitsi anapitanso. Atamva china chake chikuti phava m'madzi, anathamanga osayang'ana poponda. Mwala wa ndere unawaterereza, ndipo anapezeka ali chagada m'matope, phazi litabinya. Chimene ankathamangiracho chinasambira pang'onopang'ono patsogolo pawo. Anali mng'azi.

Kuchipatala anawamanga bandeji n'kuwauza kuti asayendeyende milungu iwiri. Pakhomo panawatopetsa msanga, mpaka anapempha okha kuti awatengeko kudimba. Mayiwo anawakweza panjinga n'kumakankha. Atafika anawakhazika pa ndowa yovundikira pansi pa mtengo, nawapatsa lichero la nyemba zoti asole.

"Manja okha agwire ntchito, bambo. Pakamwa papume."

Tsiku loyamba kunalibe kanthu. Lachiwiri kunadutsa mbalame zokhazokha. Lachitatu, dzuwa litangoyamba kufunda, madzi a pafupi ndi bango anachita timizere. Kenaka panatulukira kamutu kosalala, ka ndevu zodontha madzi. Katumbu anayang'ana uku ndi uku, namira, n'kuvuuka ndi nkhanu. Anakwera pamwala, naigwira ndi manja awiri ngati munthu, n'kuyamba kukukuta mosatekeseka. Ana ake awiri anatulukira m'bango, akutsetsereka ndi mimba pamatope, kugwera m'madzi, kukweranso, kulimbirana kamwendo ka nkhanu kamene mayi wawo anataya.

Aphunzitsi anauma ngati chitsa. Nyemba zinkakhuthukira pansi iwo osadziwa. Akazi awo anatula chothirira mwakachetechete, nadzanjuta pambali pawo.

"Mayi," ananong'ona bambowo, maso ali ndi misozi, "ali ndi zala."

"Ndinakuuzani chaka chatha."

"Munandiuza, koma sindinkamva."

Anakhala choncho awiriwo, phewa ndi phewa, mpaka banja la katumbu linatsetsereka ndi madzi n'kubisika pokhota mtsinje. Pamenepo m'pamene Aphunzitsi anaseka, kuseka kochokera pansi pa mtima, ndowa n'kupendekeka, mayiwo n'kuwagwira asanagwenso.

Pobwerera anakumana ndi mlamu wawo, mmisiri wa matabwa, amene anaona nkhope zowalazo n'kufunsa kuti kwagwanji.

"Ndamuona katumbu, alamu. Atatu."

"Nanga munamupeza bwanji, mutamusowa mlungu wonse muli ndi miyendo iwiri?"

"Ndinachita kuthyola umodzi kuti ndiphunzire kukhala pansi."

"Winawo musathyole," anatero mayiwo akukankha njinga. "Msana wangawu ndi umodzi."

Zoonadi akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.