Tsiku Lomwe Ndodo za a Nagama Zidakwera Kudenga

Ana inu, pali miyambi imene mumaitchula mukuseka pobwera kusukulu, koma simudziwa kulemera kwake. Umodzi mwa iyo ndi uja wonena za mwendo wa mayi. Ine ndidamva chiyambi chake kwa mphunzitsi wathu wa kumishoni, munthu amene sankalola mwana kutchula mwambi asanaudziwe komwe udachokera. Ndikulemberani monga momwe adatiuzira. Muwerenge mofatsa, musalumphe mizere.

Akuti pamudzi wina wa kumapiri padali mayi wamasiye, a Nagama, woumba mbiya. Adali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Elube, amene ankaphunzira kusoka kumishoni ndipo ankabwera kumudzi pa tchuthi pokha.

Tsiku lina m'chilimwe a Nagama adalowa mumtapo, dzenje lokumbamo dothi loumbira. Ali mkati mokumba, khoma la mtapo lidagumuka n'kuwagwera pa mwendo wamanzere. Amuna anayi adawanyamula pa machira mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo kumeneko mwendo udakhala m'chikhakha miyezi itatu. Tsiku lodula chikhakha, mwendowo udatuluka wowonda ngati bango, wofupikirako poyerekeza ndi unzake. Dokotala adanena mosabisa kuti sudzasenzanso thupi. Kalipentala wa pamishoni adawasemera ndodo ziwiri zofika m'khwapa, nawauza kuti apite bwino.

Musaganize kuti kuyenda ndi ndodo n'kosavuta. Sabata yoyamba a Nagama adagwa kanayi pakati pa khonde ndi nkhokwe. M'khwapa mudatuluka matuza. Choipa koposa, manja onse awiri adatengedwa ndi ndodo, ndipo munthu wopanda manja sangasenze mtsuko, sangagwire tsache, sangathamangitse nkhuku ikalowa m'nyumba. Anthu achifundo ankabwera kudzawauza kuti azingokhala pamphasa, ena aziwatungira madzi.

"Zikomo," ankayankha choncho a Nagama. "Wathyoka ndi mwendo. Mutu ulipo."

Adayamba kuika zinthu m'dongosolo, pakuti dongosolo ndilo mwendo wachitatu wa munthu wovulala. Adakulunga mitu ya ndodo ndi nsanza, kenaka adaphunzira kutsamira pa manja osati pa khwapa, ndipo matuza adapola. Kunsonga kwa ndodo adakhomako tizidutswa ta mphira wa tayala la njinga kuti zisaterereke pa thanthwe. Madzi ankatunga m'chipanda chotseka pakamwa n'kuchibereka kumsana ndi chitenje monga mwana. Komwe ena ankapita ulendo umodzi, iwo ankapita maulendo atatu, choncho ankadzuka ena onse asanadzuke. Tsache adalimangirira ku nsungwi yaitali kuti azisesa ataima. Mpeni, mchere, chipande ndi machesi adazitsitsa pamalo ofikirika atakhala pansi, chilichonse pamalo pake. Asanaimirire ankayamba awerengera m'mutu zonse zofunika kumene akupitako, kuti asabwerere chifukwa cha kanthu koiwalika.

Lamulo lawo lalikulu lidali limodzi: ndodo zizigona kudzanja lawo lamanja, pamene dzanja lingafike, ndipo wina asazisunthe ngakhale posesa.

Dzinja litafika, njira za pamudzipo zidasanduka matope, koma a Nagama sadaleke kupita kumtsinje, kudimba ndi kutchalitchi. Paliponse pomwe adutsa pankatsala timaenje tiwiri ndi phazi limodzi pakati. Mvula itasiya, dzuwa lidaumitsa dothi lamakande lija, timaenjeto n'kutsala tolimba ngati tosema pamwala.

Chaka chomwecho Elube adapeza mnyamata womufunsira ukwati. Mnyamatayo adali Yowasi, mphunzitsi wachinyamata wochokera kuseri kwa phiri, ulendo wa tsiku lathunthu. Malinga ndi mwambo wa chikamwini, Yowasi ndiye ankayenera kudzamanga nyumba pamudzi wa mkazi wake. Tsono padagwirizanidwa tsiku loti malume ake a Yowasi, a Kamtambo, abwere kudzakumana ndi malume ake a Elube, a Chimbalanga, kuti monga ankhoswe akambe za ukwatiwo ndi kuona pakhomo pomwe mwana wawo adzakhale.

Elube ankawakonda mayi ake, izi musakaike. Koma tsiku lina kumishoni adamva mlongo wake wa Yowasi akuseka munthu wotsimphina, nati, "Kwathu sitikwatira ku mtundu wa olumala." Mawuwo adamulowa ngati minga. Za mwendo wa mayi ake sadamuuzepo Yowasi ngakhale kamodzi, ndipo tsiku la alendo likuyandikira, mantha adamukulira.

M'mawa wa tsikulo adakolopa khonde, adazira pansi, adasesa bwalo kawiri kuti afafanize zizindikiro za ndodo. Kenaka adalowa m'nyumba, napeza mayi ake atasamba kale, atavala diresi lawo la Lamlungu, akumanga duku.

"Amayi," adatero atagwada, "bwanji lero mungopumula m'nyumba muno? Zonse ndichita ndine."

"Ndatopa ndi chiyani kuti ndipumule?"

"Dzuwa lachuluka. Komanso alendowo akudzakamba ndi malume."

A Nagama adamuyang'ana nthawi yaitali. "Iwe Elube, ndidakubereka ndine. Ukamanama mphuno yako imatuluka thukuta. Ukuchita manyazi ndi chiyani, mwendo kapena ndodo?"

Mayi ake atatembenuka kuti amangitse duku, Elube adatola ndodo zija mwakachetechete, adakwera pa mtondo umene udali pakona, n'kuzilowetsa pa mitanda ya denga. Adatuluka msanga, natseka chitseko.

A Nagama adatambasula dzanja lamanja, napeza pansi pokha. Adakweza maso, naziona. Sadaitane munthu, sadalire. Adadzikhwekhwereza mpaka pomwe padali lichero la mtedza, adakhala mowongoka, nayamba kusenda.

Dzuwa litafika pamutu, a Chimbalanga adabwera ndi mlendo, amene adanyamuka kwawo dzulo lake, atakamuchingamira kumtsinje. A Kamtambo adali munthu wamtali, wa imvi, wovala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo ankayenda maso ali pansi monga munthu wotaya singano. Adakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Elube adabwera ndi madzi akumwa, nagwada patali.

"Mayi ako ali kuti?" adafunsa a Chimbalanga. "Kawauze kuti alendo afika."

"Agona, malume. Malungo."

"Malungo? Dzulo lomweli ndawapeza akuwotcha mbiya!"

"Awayamba m'mawa uno," adatero Elube, maso ali pa chikho.

Apa ndi pomwe adalakwitsa, pakuti adasankha bodza limene mwambo wathu sulola kuti likhale pansi. A Kamtambo adaika chikho pansi, naimirira, nakonza jekete lawo.

"Pepani, a Chimbalanga. Kwathu sitikamba za ukwati pakhomo pali matenda tisanazonde wodwala. Ndikhulupirira kuti n'chimodzimodzi kuno."

"N'chimodzimodzi ndithu."

"Tiyeni tikawaone mayiwo."

Elube adafuna kuima pakhomo, koma mwana saletsa akuluakulu njira. A Chimbalanga adaodira, mawu olimba adayankha kuti alowe, ndipo adatsegula chitseko. Adapeza a Nagama ali tsonga pamphasa, duku lili bwinobwino, mtedza wosenda utadzaza mbale, mwendo wowonda uja uli poyera osaphimbidwa.

"Mlongo, akuti mwadwala," adatero a Chimbalanga.

"Ndani akutero? Ine ndili gwa. Takulandirani, bambo, ndipo mundikhululukire kuti sindinakuchingamireni. Ndodo zanga zakwera kudenga m'mawa uno, ndipo sindinazitume."

Amuna awiriwo adayang'ana kumwamba. Ndodo zidali pomwepo, nsonga zake za mphira zikusuzumira. A Chimbalanga adatupa nkhope, koma a Nagama adawakwezera dzanja kuti akhale chete. Sadatchule dzina la munthu. Adangopitiriza kusenda mtedza.

Tsono imvani bwino, pakuti nkhani yonse yagona apa. Elube akadatha kukhala chete. Akadatha kunamizira ana a pamudzi. Ankadziwa kuti akaulula, mlendoyo adzaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, mayi wolumala ndi mwana wabodza, ndipo ukwati ungathere pomwepo. Adaima kaye pakhomo. Kenaka adadutsa pakati pa akuluakuluwo, adakwera pa mtondo, adatsitsa ndodo, adazipukuta mwaye ndi chitenje chake, nazigoneka kudzanja lamanja la mayi ake. Adagwada.

"Ndine ndinazibisa. Ndinaopa kuti a kwa Yowasi akaona mwendo wa amayi andikana. Amayi sakudwala. Ndinanama kwa inu, malume, ndi kwa inu, bambo. Amayi, ndakulakwirani."

A Nagama adagwira ndodo zawo, adayesa mphira ndi chala ngati uli bwino, ndipo mchimwene wawo atafuna kuwadzutsa, adakana.

"Ndisiyeni, achimwene. Ndimadzuka ndekha."

Adaimirira, nayenda patsogolo pa onse mpaka pansi pa mango, ndipo adakhala pamphasa monga mwini khomo. Pamenepo ndi pomwe a Kamtambo adayankhula.

"Mwanawe, sendera pafupi. Ukuganiza kuti ndinafika pano ndisakudziwa? Kuyambira pamene ndinawoloka mtsinje ndakhala ndikutsata phazi limodzi ndi timaenje tiwiri. Ndinaziona padooko. Ndinaziona zikukhotera kudimba, ndipo dimbalo ndi lopalira bwino. Ndinaziona pafupi ndi ng'anjo ya mbiya. Ndinafunsa malume ako m'njira kuti mwini phazi ili ndani, amene wayenda mudzi wonse m'dzinja pamene a miyendo iwiri ankaopa matope. Atandiuza, ndinati mumtima, mwana wathu wapeza pokhala. Nditafika pabwalo pano ndinapeza posesedwa, phazi lija palibe. Apo m'pamene ndinayamba kukaika."

Elube adangowerama.

"Ndikuuze zoona," adapitiriza a Kamtambo. "Ukadapanda kukwera pa mtondo paja wekha, bwenzi pano ndili m'njira. Mkazi wobisa mayi ake lero adzabisa mwamuna wake mawa akadzathyoka msana. Koma waulula pamaso pa mlendo, ndipo si chinthu chaching'ono. Za amene anakuuza kuti kwathu sitikwatira kwa olumala, undisiyire. Ndikudziwa pakamwa pomwe zinatuluka, ndipo ndikakonza ndikafika."

Adatembenukira kwa a Nagama. "Mayi, mawu omaliza ndi anu. Wolakwiridwa ndinu."

A Nagama adayang'ana mwana wawo. "Mwendo uwu unathyokera mumtapo ndikukumba dothi la mbiya zimene zinakutumiza kukaphunzira. Sindikukuwerengera, ndikungokuuza kuti udziwe. Ndakukhululukira. Koma tsiku la ukwati wako, pochoka pano kupita kutchalitchi, udzayenda pambali panga, pa liwiro langa. Oimba akafuna kuthamanga, athamange okha."

"Ndidzatero, amayi."

"Chabwino. Tsopano kabweretse mtedza uja ukazinge. Ndinausenda ndili m'ndende yako."

A Kamtambo adaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo a Chimbalanga, amene mkwiyo udali usanawathere, adaloza Elube ndi chala nati, "Iwe, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo!"

Akuti ukwatiwo udachitika mwezi wa Ogasiti. Mtunda umene anthu ankauyenda kanthawi kochepa udatenga ola lathunthu, chifukwa mkwatibwi ankaponya phazi pamene ndodo za mayi ake zaponda. M'busa adadikira pakhomo la tchalitchi osadandaula. Anthu amene adaona ulendowo adatenga mawu a a Chimbalanga n'kupita nawo kwawo, ndipo adafalikira mpaka kutipeza ife.

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tanthauzo lake ndi ili: amene adakubala ndi kukulera sasiya kukhala kholo lako chifukwa walumala, wasauka, wakalamba kapena sadziwa kuwerenga. Ulemu wake suyezedwa ndi maonekedwe a thupi, ndipo iwe sukwera pomutsitsa. Ena a inu mudzaphunzira kuposa makolo anu, mudzakhala m'nyumba za malata, mudzalandira alendo ovala bwino. Tsiku limenelo mayi ako akadzafika pakhomo ndi ndodo, kapena ndi chitenje chakutha, usadzawalowetsere kukhitchini. Udzawakhazike patsogolo, udzatchule dzina lawo momveka. Anthu anzeru amene ukufuna kuwasangalatsawo adaona kale mapazi a mayi ako m'njira imene iwe wadutsamo.