Kanyumba Kopanda Polowera

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankakhoma mabokosi a maliro m'mphepete mwa msewu. Ntchito yake ankaidziwa. Pamene matabwa ake akumana, ngakhale nyerere sinkapeza polowera. Iye ankati mmisiri wosiya mpata alibe ulemu kwa akufa. Anthu ankamuyamikira, koma panalibe amene ankatsanzika ndi mawu akuti tidzabweranso.

Anafika zaka makumi anayi ndi zisanu asanakwatire. Azimayi ankanena kuti mwamuna ameneyu akakuyang'ana amakhala ngati akukuyeza utali. Kunena zoona, ankayezadi. Silinali dala, diso linangozolowera.

Kenako anapeza banja. Anakwatira Nangozo, mkazi wamasiye wa m'mudzi wapafupi, n'kukakhala kwawo kwa mkaziyo. Nangozo anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Ndaziona. Pa chinkhoswe akuluakulu anamuuza Lufeyo kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, iye n'kuvomera ndi mtima wonse. Vuto linali lakuti mwanayo mwambiwo sanaumve.

Lufeyo akamalowa pakhomo, Ndaziona ankazembera kuseri kwa nkhokwe. Akamubweretsera zitumbuwa, sankalandira m'manja mwake. Ankadikira kuti amake aziike pambale, ndiye n'kutola. Sankamutchula ababa, sankamutchula dzina. Akafuna kunena za iye ankangoti awo, uku akuloza ndi mlomo. Miyezi inapita, mwana akuonda, mawu ake akuchepa.

Tsiku lina kunabwera atsibweni ake a mwanayo, mlongo wake wa Nangozo, amene anali mwini mbumba. Anamuyang'ana mwana, n'kuyang'ana mlamu wawo, n'kuyang'ananso mwana. Sanakalipe. Anangonena kuti akabwera pambuyo pokolola n'kupeza zinthu zili chonchi, mwanayo adzamutenga akakulire kwawo. Atachoka, Nangozo anakhala pamwala wa kuseri kwa khitchini nthawi yaitali, akusankha nyemba zimene anali atasankha kale.

Lufeyo anaona zonsezi. Pakamwa pake panali polemera, nzeru zake zinali m'manja. Tsono anayamba kumuzonda mwanayo chapatali.

Anapeza kuti kuseri kwa nkhokwe kuja Ndaziona sankakhala yekha. Anali ndi chidole cha chitsononkho, chovekedwa kansanza ka chitenje, tsitsi lake la ndevu za chimanga. Dzina lake linali Sitela. Sitela anali ndi nyumba ya zidutswa za njerwa, denga lake la katoni. Mvula ina itagwa, denga linanyowa n'kugwera mkati. Lufeyo anamuona mwana akutola njerwa zija imodziimodzi, akumuuza Sitela kuti asalire, amanga ina.

Mawa lake anapita m'mamawa ku shedi yake, kumene ankakhomera mabokosi, n'kusankha zidutswa za matabwa a paini zimene zinkatsala. Anali asanapangepo choseweretsa chiyambire. Anaima nthawi yaitali pensulo ili kukhutu, osadziwa poyambira, chifukwa aka kanali koyamba kupangira chinthu munthu amene adzachione ndi maso ake.

Anayamba ndi pansi, n'kuimika makoma atatu. Anagawa zipinda: pabalaza, kuchipinda, ndi kachipinda ka alendo. Mazenera anadula pa botolo loonekera mkati. Denga anaphwanya chitini cha mafuta ophikira, n'kuchipinda mizeremizere mpaka chinafanana ndi malata enieni. Zala zake zinali zikuluzikulu ngati chinangwa, ndipo miyendo ya timipando inkathyoka asanamalize kuisema. Anataya mipando isanu ndi iwiri kuti apeze inayi.

Atafika pa bedi anatambasula dzanja kuti atenge nsalu yoyera ija ankayala m'mabokosi. Dzanja linaima m'malere. Anaibweza nsaluyo, n'kupita kwa telala wa pafupi kukapempha zigamba za maluwa. Telalayo anamufunsa ngati masiku ano akufa ayamba kusankha makaka. Lufeyo anangotenga zigamba zake.

Kabati anapanga ndi bokosi la machesi. Mbale zinali zitsekerero za mabotolo. Pansi anapaka vanishi mpaka munthu n'kudziona nkhope. Kunja anapaka penti ya buluu, m'munsi n'kuzunguliza mzere wakuda ngati nyumba za m'tauni. Ndipo chilichonse, bedi, tebulo, mipando, ngakhale timbale tija, anachimata ndi guluu pamalo pake, pakuti m'ntchito yake chinthu chogwedera paulendo chinali manyazi.

Panapita masabata atatu. Tsiku lomaliza anasuzumira mkati, n'kuona kuti zonse zili bwino. Kenako manja anachita zimene anakhala akuchita zaka makumi awiri. Anatenga khoma lakutsogolo, lokhala ndi kachitseko kosemedwa bwino, n'kulikhoma. Anatenga denga n'kulikhoma. Misomali makumi awiri ndi inayi, yonse yolunjika, mitu yake yomira m'thabwa. Anayendetsa chala m'mbali monse. Nyerere sikanapeza polowera.

Lamlungu masana, anthu atabwerako ku tchalitchi, anafunditsa kanyumbako chitenje n'kukanyamula paphewa. Mukudziwa inu mmene mudzi umakhalira ukaona Lufeyo atasenza kabokosi kakang'ono kofunditsidwa nsalu. Amuna amene ankasewera bawo pansi pa mtengo anavula zipewa. Mayi wina anali atayamba kale kukonza pakhosi kuti alire, uku akufunsa mnzake kuti ndi mwana wa yani. Anamutsatira mwakachetechete mpaka pakhomo pa Nangozo.

Atatula pabwalo n'kuchotsa chitenje, maliro anasanduka phwando. Ena anati nyumba iyi ikuposa ya aphunzitsi aakulu. Wina anafunsa ngati muli malo a lendi. Nangozo anagwira pakamwa, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukamukoka mwana wake padzanja.

Ndaziona anabwera Sitela ali kumsana. Anagwada, n'kuika diso pazenera. Anaona bedi la maluwa. Anaona timbale pa tebulo. Lufeyo anaona kumwetulira kukuyamba pakona ya mlomo wa mwanayo, ndipo mtima wake unagunda ngati wa mnyamata wofunsira mbeta.

Mwana anamasula Sitela kumsana, n'kukankha kachitseko ndi chala. Sikanatseguke. Anayesa kutukula denga. Silinasunthe. Anazungulira kanyumbako kawiri, akupapasa makoma, mpaka chala chake chinapeza mitu ya misomali. Anaiyendera umodziumodzi. Kumwetulira kuja kunazima. Anaimirira, anamukumbatira Sitela pachifuwa, n'kubwerera m'mbuyo. Ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Lufeyo m'maso n'kumuyankhula.

"Mwakhomanso. Ngati muja munawakhomera ababa."



Apa m'pamene Lufeyo anakumbukira. Zaka ziwiri zapitazo, bambo ake a Ndaziona atamwalira, bokosi lawo anapanga ndi Lufeyo yemweyu. Pa tsiku loika, nyundo ya adzukulu inaguluka mpini, ndipo anthu anapempha iye, amene anali ndi yake m'thumba, kuti akhome chivundikiro. Anakhoma bwino monga mwa masiku onse. Onse ankaganiza kuti mwana ali m'nyumba ndi azakhali ake. Koma ana amaona pakati pa miyendo ya akuluakulu.

Mayi wina anayamba kung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe kuthokoza. Nangozo, manyazi atamugwira, anatukula dzanja kuti amudzudzule mwanayo. Lufeyo anamugwira mkono pang'onopang'ono n'kuutsitsa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nyundo.

Ndaziona ataiona anabisala kumbuyo kwa amake.

Lufeyo anakhala pansi, padothi, ndi buluku lake la ku tchalitchi. Anaitembenuza nyundoyo. Mbali ina ija, ya mano awiri, inali ndi dzimbiri, chifukwa munthu amene sakhotetsa msomali alibe nayo ntchito. Anailowetsa pansi pa mutu wa msomali woyamba n'kukanula. Msomali unalira potuluka. Penti ya buluu inang'ambika. Anthu anadandaula ngati akuwazula dzino, wina n'kunena kuti a Lufeyo mutu wasokonekera. Iye anauika msomaliwo pansi, poonekera, n'kupita pa wachiwiri.

Anazula yonse ya khoma lakutsogolo, n'kusiya umodzi. Khoma linali litang'aluka pakati, kachitseko kokongola kaja katathyoka. Pofika apo mwana anali atatulutsa mutu m'chitenje cha amake.

Lufeyo anakola msomali wotsalawo ndi nyundo, n'kukoka, n'kubuula, n'kupukuta thukuta. Munthu woti ankanyamula bokosi la mbawa yekha. Anakokanso, nkhope itakwinyika, msomali osasuntha, pakuti sankakoka n'komwe.

"Uwu wandikanika, mayi," anatero kwa mwanayo, osamuyang'ana. "Ndinaukhoma kwambiri. Kapena inu ndi Sitela mungandithandize."

Panapita nthawi. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako timapazi tinayandikira. Ndaziona anamukhazika Sitela pansi, n'kugwira mpini ndi manja awiri. Lufeyo anaika chala chimodzi kumapeto kwa mpiniwo, komwe mwana sankaona. Msomali unatuluka, khoma linagwa chafufumimba, ndipo dzuwa linalowa m'zipinda zonse zitatu.

Musaganize kuti mwanayo anathokoza. Anayamba ndi kubenthula bedi pamene linamatidwa, mwendo umodzi n'kutsalira, chifukwa Sitela sagona mutu uli kukhomo. Mipando anaitulutsa panja. Pabalaza anaikapo timiyala titatu ta mafuwa. Kenako anakatapa dothi lakuda kudambo n'kuzira pansi ponse, pamwamba pa vanishi ija Lufeyo anapaka katatu, ati nyumba yosazira ndi ya mkazi waulesi. Lufeyo zinamupweteka mpaka m'mafupa. Komabe anapita kukatunga madzi m'kachitini kuti dothi lifewe bwino.

Patapita masiku anafunsa ngati angabwezeretse khoma lija ndi mahinjesi, kuti lizitseguka ndi kutsekeka. Mwana anakana. Anati nyumba ya Sitela isakhale ndi chotseka. Khomalo analisandutsa mlatho wopitira kumunda.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, atsibweni aja anabwera, njinga itamangidwa kale kansalu pakaliyala poti mwana akhalepo. Pakhomo sanamupeze. Anamupeza ku shedi ya m'mphepete mwa msewu, utuchi uli m'tsitsi, masaya atabwerera, akukangana ndi Lufeyo za kukula kwa khola la nkhuku za Sitela. Mwana ankati likhale lalikulu kuposa nyumba. Lufeyo ankati zimenezo sizichitika kulikonse. Mwana ndiye ankapambana.

Ndaziona anawakokera atsibweni ake kuti akaone nyumba ya Sitela. Inali itathimbirira, denga litapindika mbali imodzi, zitsononkho zitakwana zinayi. Anawaonetsa Sitela, anawaonetsa amake a Sitela. Chachitatu chinali chitagona pa bedi la miyendo itatu, chitafunda kagamba ka maluwa.

"Awa ndi ababa oyamba. Amagona kwambiri. Koma ndikafuna ndimawatulutsa kuti awothe dzuwa, kenako ndimawabweza."

Atsibweni anakhosomola, n'kuloza chachinayi. Chinali chachikulu kuposa zonse, chitakhala pakhonde, kamtengo katamangiriridwa ndi ulusi m'mbali mwa mutu.

"Nanga awa a kamtengo kumutuwa?"

"Si kamtengo, ndi pensulo. Awanso ndi ababa. Ndi amene amazula misomali."

Lufeyo anali ataima kumbuyo kwawo. Anatembenuka msanga n'kunena kuti utuchi wamulowa m'maso, ngakhale kuti shedi anali ataisiya kutali. Madzulo ake atsibweni anakwera njinga yawo okha, kansalu ka pakaliyala kali pomwepo.

Tsono inu amene mukundimva, makamaka inu mwalowa m'nyumba n'kupezamo mwana amene simunabale: ambiri a ife timadziwa kukhoma. Timamupangira mwana zabwino, zosalala, zoti anansi aziyamikira, n'kumata chilichonse pamalo pake, kenako timadabwa kuti sakubwera pafupi. Musanamunene kuti ndi wosathokoza, zungulirani mphatso yanuyo ndi chala, muone ngati mwamusiyira polowetsa dzanja, iye ndi onse amene wanyamula mumtima, amoyo ndi ogona. Nyundo ili ndi mbali ziwiri. Ngati inayo yachita dzimbiri, ipukuteni lero. Ndipo msomali womaliza muusiye, muzinamizira kuti wakukanikani.