Odi wa Namulewa

Kalekale, mwana wanga, mudzi uno usanadziwe malata, kunabwera anthu awiri kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Mwamuna anali Mukhito, mkazi wake Namulewa. Ankathawa njala.

Anapempha polima. Anthu anawaloza pa miyala pamene ngakhale mbuzi inkakana kupita.

Iwo anazula miyala. Chaka ichi miyala, chaka chinacho miyala. Kenako chimanga chinabereka, chinaberekadi.

Ndiye panali Chidzanja, mbadwa ya m'mudzimo. Anaona chimanga chija, mtima unamutentha. Anapita pabwalo.

"Akuluakulu, nthaka ndi ya yani?"

"Nenani inu."

"Nthaka ndi ya amene ali ndi manda pano. Obwerawa manda awo ali kuti?"

Akuluakulu anagwedeza mitu. Linakhala lamulo. Akakolola, obwera azipita.

Koma chimanga chisanaume, Mukhito anamwalira.

Namulewa anapita kwa adzukulu, aja okumba manda. "Bambo anga, mwamuna wanga watisiya."

Chidzanja anadumpha. "Iyayi! Mukamuika kumanda kwathu, mkaziyu akhala ndi manda. Akakhala ndi manda, munda ndi wake!"

Anthu anagwira pakamwa. Kukana maliro? Chibadwire sanamvepo. Koma onse anangoyang'ana pansi. Adzukulu anabweza makasu.

Namulewa anakulunga mwamuna wake m'mphasa. Anamukokera kumunda yekha. Anakumba yekha, analira yekha, anakwirira yekha.

Chidzanja atamva, anathamanga ndi khasu, dzuwa lili paliwombo.

"Ndikamufukula!"

"Achimwene, mwapenga? Munthu safukulidwa!" anakuwa anthu, akumutsatira.

Iye anakumba. Anakumba pambali, kuti alowe pansi pa mphasa. Khasu linati gobo! Anatulutsa chigaza. Chaching'ono, chakalekale, chosakhala cha Mukhito. Anakumbanso, china. Anakumbanso, china.

Chigaza chinayankhula. "Mwandionera pati?"

Anthu anauma thupi. Limenelo ndi funso la Akafula, anthu aafupi aja amene ankakhala kuno makolo athu asanafike. Akakufunsa choncho unkayankha mwaulemu kuti wawaonera kutali.

Koma Chidzanja anati, "Pansi pa khasu langa. M'munda mwanga."

"Mwako?" chinatero chigaza. "Bwereza lamulo lako."

"Nthaka ndi ya amene ali ndi manda."

"Wanena bwino. Tinagona kuno agogo ako asanawoloke mtsinje. Anatipempha? Nyamukani, obwera inu. Muyambe ndi akufa anu."

Pamenepo kumanda kwa mudzi kunamveka phokoso. Nthaka inang'ambika.

Mwana wanga, akufa anatuluka. Masana, anthu akuona. Agogo, amalume, makanda, aliyense atasenza mphasa yake pamutu. Anandanda mumsewu, kuloza kumtsinje, akuyimba:

"Tatulutsidwa, tatulutsidwa,
mwana wathu watigulitsa,
kwathu n'kuti, kwathu n'kuti?"

Akazi anagwa pansi. Amuna anathawira m'nkhokwe.

Patsogolo pa mzere panali mayi ake a Chidzanja.

"Amayi! Amayi, mukupita kuti?"

"Kumene ukutitumiza. Khasu ndinakupatsa kuti uzilima, iwe ukukumbira anthu?"

Akuluakulu anakuwa kwa chigaza. "Tathetsa lamulo! Tathetsa!" Chigaza duu.

Anabwera ndi mbuzi yopepesera. Chigaza duu.

Namulewa anali chikhalire pa manda a mwamuna wake. Anadzuka, anatola chigaza chija, nachipukuta ndi chitenje. Anachibwezera m'dzenje. Anagwada, naomba m'manja.

"Odi, eni ake. Ndine mlendo. Ndagoneka mwamuna wanga pakhomo panu osagogoda. Ndimapempha."

"Lowani, mayi," chinatero chigaza. "Chiyambire, mwati odi ndinu nokha. Mwamuna wanu agone. Inu limani."

Anthu anakwawira kwa Namulewa. Omwewo amene anabweza makasu.

"Mayi, tipemphereniko."

"Pakamwa muli napo," anatero.

Mudzi wonse unagwada. Odi, odi, odi. Akufa anaima. Anatembenuka, nabwerera, aliyense m'dzenje lake.

Koma Chidzanja bondo linamukanika. "Ine? Odi m'dziko la makolo anga?"

Mayi ake anamudikira. Anamudikira. Kenako anakonza mphasa pamutu, napitirira okha. Iye anawatsatira akulira, "Amayi, imani! Amayi!" Onse awiri anawoloka mtsinje.

Amati anthu akutsidyako anawafunsa, "Manda anu ali kuti?" Mpaka lero akuyendabe.

Namulewa anakolola chimanga chake. Atamwalira, mudzi wonse unakumba, anakanganirana makasu.

Wamva? Pa nthaka pano tonse tinachita kubwera. Wina anafika m'mawa, wina masana. Ndiye tsiku lina mawu oti "obwera" akadzafika pakamwa pako, lilime lidzalemere. Amene anayang'ana pansi aja ndi agogo athu, ine ndi iwe.

Pamenepo ndiye pathera nthano yanga.