Pemphero Lotsekera Anthu Khomo la Kumwamba

Loweruka lina masana, maliro a mayi ake atangoikidwa kumene, Venansio Maseko anafika pakhomo pa Aphunzitsi a Gervazio nkhope ili gwa, ngati dothi la m'chilimwe. Odi wake anamveka ngati wa munthu amene wabwera kudzagwira wakuba.

A Gervazio ndiwo ankatsogolera mapemphero pa katchalitchi ka Akatolika ka m'mudzimo, kumapiri ozizira a ku Dedza, kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo. Anthu ankati anaphunzira kuseminale mpaka kutsala pang'ono kuvala mkanjo, ndipo ansembe achinyamata akasemphana pa nkhani ya m'mabuku ankabwera kudzafunsa iwo. Koma ukawapeza pakhomo pawo sukanadziwa zimenezo. Tsikulo anali pamphasa, mbale ya mikanda ili pamwendo, akulumikiza ndi kawaya makolona oduka amene akhristu ankawasiyira.

"Fikani, a Maseko," anatero. "Mpando ndi uwo, koma muukhalire mosamala. Mwendo umodziwo sunabatizidwe."

Venansio sanaseke. Anakhala chakumphepete kwa mpandowo, chipewa chili m'manja.

"Sindikhalitsa, Aphunzitsi. Ndabwera kudzapempha pemphero."

"Mwafika pamalo pake. Pemphero la chiyani?"

"Loti Mulungu atseke khomo la Kumwamba. Mayi anga alowa kale, basi zakwana. Otsalawa akhale panja."

A Gervazio anaika kolona pansi, nkumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tonse?"

"Inu mwina mukhoza kulowa."

"Zikomo kwambiri. Koma 'mwina' ameneyo wandisowetsa mtendere. Tafotokozani bwino, a Maseko. Khomo limenelo ndi lalikulu, silitsekeka ndi mawu awiri."

Nkhani yake inali iyi. Pa tchalitchipo pali mwambo woti Lamulungu loyamba maliro akatha, zolengeza zikatha, mmodzi wa banja loferedwa amaimirira kutsogolo nkuthokoza mpingo. Mayi a Venansio, a Nangozo, anasiya mwana mmodzi yekha, ndiye woimirira mawa lake anali iyeyo. Ndipo iye anali atatsimikiza mumtima kuti sakathokoza munthu. Akaimirira, akatchula mayina mmodzimmodzi, akapemphera pemphero lotsekera lija mokweza, kenako akatuluka pakhomo lapakati osadzapondamonso mpaka kufa.

"Mukudziwa inu nomwe," anatero Venansio, "kuti mayi anafa ziwalo mbali imodzi mvula itangoyamba. Ine ndinasiya kabaza wanga kuboma nkubwera. Masiku oyambawo anthu ankabwera, kukhala pakhonde, kunena kuti pepani pepani, Mulungu alipo. Itafika nthawi yopalira, onse zii! Itafika yokumba mbatata, ndiye ngakhale galu wawo sanadutse. Anthu a kuno ali ndi miyendo ya maliro, Aphunzitsi. Ya matenda alibe."

"Pitirizani."

"Mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake. Ndi ntchito ya amayi anzawo imeneyo, ngakhale mwana wa dzulo akudziwa. Ine mkazi ndilibe, mlongo ndilibe. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinatereka madzi ndekha. Tsiku loyamba mayi anatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu, nkumati, 'Mwana wanga, tseka maso.' Ndinatseka. Dzinja lonse ndawasambitsa nditatseka maso, kupapasa ngati wakhungu, kuti asachite manyazi."

Apa mkwiyo unamugwiranso.

"Tsiku lomwe anatsirizika, nyumba inadzaza mpaka kusowa poponda. A Nankhoma aja, anzawo a mayi a moyandikana nafe, anayamba kulira ali kumjigo. Agalu kuthawa, nkhuku kukwera padenga. Atafika pakhomo anadziponya pansi, amayi anayi kuwagwira ngati ng'ombe yopita kudibi. Kenako anadzuka, kumanga chitenje, kulowa m'chipinda, nkundigwira paphewa: 'Tulukani achimwene, tisambitse thupi. Mwamuna saona zimenezi.' Ine! Aphunzitsi, ine! Ali moyo ndinali mkazi wokwanira, atafa ndiye ndakhala mwamuna?"

A Gervazio anatola mkanda umodzi umene unagwera pamphasa nkuubwezera m'mbale.

"Zonse mwanenazi ndi zoona," anatero, "ndipo sindichotsapo ngakhale liwu limodzi. Inenso ndinkabwera ndi buku langa la mapemphero, kuwerenga bwinobwino, kudalitsa, nkumachoka manja anga ali ouma, ndowa yopanda madzi nditaidumpha pakhomo. Ndiye 'mwina' uja mwandikomera naye mtima."

Venansio anali atakonzekera kukangana. Kuvomera kotereku kunamusokoneza, moti anayang'ana pansi kaye.

"Ndiye ndiphunzitseni mawu ake," anatero. "Ine sukulu ndinalekeza panjira. Mawu anga ndi a pasiteji ya njinga, ndikawanena m'tchalitchi denga likhoza kusasuka. Inu mukudziwa mawu omwe Mulungu amamva msanga, a Chilatini aja."

"Mulungu amamva kubuula asanamve Chilatini, a Maseko. Dzinja lonseli mwakhala mukulankhula naye m'chilankhulo chake. Komabe mwabwera kwa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi sabweza munthu chimanjamanja. Kungoti ine ndili ndi khalidwe limodzi: sinditseka chitseko ndisanadziwe kuti m'katimo muli ndani ndipo akutani. Mayi anu mukuti alowa. Mukuganiza kuti panopa akuchita chiyani kumeneko?"

Funso limeneli palibe anali atamufunsapo. Anthu onse pamaliro ankangoti akapumule, akapumule, ngati a Nangozo anali munthu wodziwa kupumula.

"Akuyenda," anatero Venansio pang'onopang'ono. "Ndi miyendo yonse iwiri. Dzanja lija latambasuka."

"Eya. China?"

"Kuzizira kulibe. Majuzi awo awiri aja avula." Kenako pakamwa panayamba kumasuka pokha. "Ndipo akuimba. Aphunzitsi, angelo ali pamavuto. Mayi ankayamba nyimbo anzawo asanapume, nkuimaliza anzawo atakhala kale pansi."

"Ndikudziwa bwino," anatero a Gervazio akuseka. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukweza dzanja kuti kwaya iyambire pamodzi. Mayi anu dzanja langalo ankaliona ngati ndikuwapatsa moni."

Venansio anaseka, kuseka kwake koyamba chichitikire maliro, ndipo kunatuluka pamodzi ndi misozi. Anapukuta ndi chipewa.

"Ndikufuna kukawaona," anatero. "Nthawi zina ndikamapalasa njinga ndimangoti msewu uwu ukanangopitirira mpaka kumeneko, ndikanapalasa osapuma. Ndikawaone ataima, ndiwayang'ane ndi maso otsegula. Koma ndikakafika nkupezako a Nankhoma atakhala phee, nkhata yaulemerero ili pamutu, ine ndikabwerera pakhomo pomwepo. Kumwamba kolowa aliyense ndi kumsika, si Kumwamba."

"Ndamva. Funso lina, ndipo mundikhululukire, ukalamba umachulutsa mafunso. Mayi anu akalowa m'tchalitchi Lamulungu ankatani?"

"Ankagwada nkuchita chizindikiro cha mtanda, ngati aliyense."

"Akatero?"

Venansio anaona kumene nkhalambayo ikulowera, koma pothawira panalibe, chifukwa mudzi wonse unkadziwa. A Nangozo ankafika belu lisanalire. Ankapita pa benchi lawo mbali ya amayi, pafupi ndi zenera, kumasula chitenje chapamwamba nkuchiyala pambali pawo. Tchalitchi chidzaze bwanji, ena akhale pansi, ena aime kukhomo, pachitenjepo sipankakhala munthu. Wina akayesa kusendera, ankamugwira bondo nkunong'oneza kuti, "Pali munthu apa."

"Ankasunga malo," anatero Venansio monyinyirika.

"A ndani?"

"Mukudziwa, Aphunzitsi."

"Ndakalamba, ndimaiwala."

"A Nankhoma."

"Ooh, a Nankhoma! Amene aja amalowa ine ndili pakati pa ulaliki, wefuwefu, kuponda anthu zala?"

"Omwewo. Chibadwire sanamvepo nyimbo yolowera."

"Ndiye kuti awiriwa ankagwirizana kwambiri."

"Kugwirizana kwake kuti? Chaka chija mbuzi za a Nankhoma zinadya nyemba zathu, anatukwanizana mpaka kwa amfumu. Chaka chathunthu osapatsana moni, osapemphana moto."

"Nanga chitenje chaka chimenecho?"

Venansio anakanda kumutu.

"Ankayala ndithu. A Nankhoma ankabwera nkukhalapo. Ankakhala mapewa atagundana, wina kuyang'ana kuzenera, wina kuyang'ana kuguwa, aliyense kuimba mokweza kuti amupose mnzake. Pa moni wa mtendere ankagwirana nsonga za zala ngati akugwira mphika wotentha. Ine ndinawafunsa kuti, mayi, munthu simukulankhula naye, malo mukumusungiranji? Anati, 'Mkangano ndi wa mbuzi. Benchi ndi la Mulungu.'"

A Gervazio anaseka mpaka mikanda inagwedera m'mbale. Koma Venansio anadzuka pampando, mkwiyo utabwereranso, pakuti anaona kuti akumulanda chinthu chimene anabwera atachigwiritsa.

"Zimenezo zinali za mbuzi, Aphunzitsi! Nyemba zimameranso. Izi ndi zina. Mayi anagona pamphasa miyezi yonse ija, maso ali kuchitseko, chitseko osatseguka. A Nankhoma nyumba yawo ndi iyo, akatsokomola timamva. Mukuganiza kuti mayi sanaone? Mukuganiza kuti sizinawapweteke?"

"Anaona, ndipo zinawapweteka. Sindikukayika. Inu ndi amene munali nawo, ine ayi. Ndiuzeni tsono, pa miyezi imeneyo, dzina la a Nankhoma linatulukapo pakamwa pawo?"

Venansio anaima chilili. Anayang'ana kumunda, anayang'ana kuphiri, anayang'ana paliponse kupatula pankhope ya mphunzitsiyo. Akanatha kunama, koma anali atangoika mayi ake m'manda, ndipo bodza lonamizira iwo linakana kutuluka.

"Linkatuluka," anatero motsitsa mawu. "Lamulungu lililonse. Belu likalira ankandikodola ndi dzanja labwino lija. Lilime linali litalemera, mawu ankatuluka mokoka, koma ine ndinkamva."

"Ankati chiyani?"

"Ankati, 'Kaya Nankhoma lero akhala pati.'"

Panadutsa kamphepo kozizira kochokera kuphiri. Venansio anakhalanso pampando uja, kuiwala za mwendo wake, moti anapendekeka nkugwira pansi ndi dzanja. A Gervazio anamudikira kuti akhazikike. Kenako anavula magalasi, ndipo polankhula sanamutchenso a Maseko. Analankhula ngati kale, pamene Venansio anali kamnyamata kophunzira katekisimu pansi pa mtengo.

"Mwana wanga, pemphero lakolo mawu ake ndikhoza kuwapeza. Koma taganiza kumene likupita. Likakafika likapeza mayi ako afika kale belu lisanalire, ayala chitenje pa benchi la kumeneko, agwira mngelo bondo, akumuuza kuti, 'Pali munthu apa, akubwera, amangochedwa.' Iwe kuno ukuti tsekani, iwo uko akuti dikirani. Ine sindingakuthandize kukangana ndi mayi ako pamaso pa Mulungu. Ndinalephera kuwagonjetsa pa nyimbo, ndiye pa chifundo ndingayese?"

"Ndiye mawa ndikangoti zikomo, ngati palibe chinachitika?"

"Ayi. Mawa ukaimirire, ukanene kuti unali wekha. Ukanene za madzi amene unkatereka, ukanene za maso amene unkatseka. Usakatchule dzina la munthu, aliyense akalimva yekha dzina lake, ndipo woyamba kuweramitsa mutu ndikakhala ine. Mpingo uyenera kumva zimenezo, chifukwa m'mudzi muno mukadali odwala ena amene maso awo ali kuchitseko. Ukatero ukawathokoze anthu ochedwawo pa chimene anafika nacho, ngakhale chinali chochepa, ngakhale chinafika dzuwa litapendeka. Ndipo usakatuluke. Ukakhale pansi, umalize nawo mapemphero. Khomo lija lisiye momwe lilili, mwana wanga, pakuti palibe amene adzalowe Kumwamba pa nthawi yake. Tonse, a Nankhoma, ine, ndi iwe yemwe, tidzalowa mochedwa, wefuwefu, tikuponda oyera zala, nkukakhala pamalo amene wina anatisungira."