Akakowa Othawa Moto M'dziko la Njati

Kalekale, milambe ikuluikulu ija idakali timitengo, kunali dziko la njati. Linali dambo lalikulu, msipu wake wosatha. Koma vuto linalipo limodzi: nkhupakupa. M'makutu nkhupakupa, m'khosi nkhupakupa. Ana a njati ankangowonda, ena kufa kumene.

Tsiku lina kunatera mbalame zoyera, za miyendo yaitali. Anali akakowa. Kwawo kunali kutapsa ndi moto wolusa.

"Zikomo eni dziko," anatero wamkulu wawo. "Tikupemphako pokhala."

Njati zinasonkhana pansi pa mkuyu. Nkhunzi ina, dzina lake Gundani, inaimirira.

"Abwerere! Lero ndi ochepa, mawa adzadzaza dambo lonse. Madzi tidzamwa kuti?"

Njati yaikazi, dzina lake Nasiwelo, inayankha kuti, "Abwerere kuti, kuphulusa? Ifenso makolo athu anachita kubwera kuno, kuthawa mikango."

Anakangana, anakangana, mpaka anamvana: akhale dzinja limodzi, tiwaone.

Akakowa anakhala. Njati ikamadya msipu, kakowa ali pamsana, jo! jo! jo! kutola nkhupakupa. Ana a njati anayamba kunenepa. Anayambanso kudumphadumpha.

Koma kakowa wina anali wadyera. Anapeza chilonda pamsana pa mwana wa Gundani, n'kuyamba kuchijompha. Mwanayo analira, magazi ali chuchuchu.

Gundani anapalasa pansi ndi ukali. "Ndinanena ine! Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Achoke onse!"

"Pepani bambo," anatero Nasiwelo. "Koma paja mphwanu anabaya mnzake ndi nyanga. Tinapirikitsa banja lanu lonse?"

Gundani anati, "Ndiye mwana wangayu alire chabe?"

"Ayi. Pamenepo mwanena zoona."

Njati zinaitana wamkulu wa akakowa. Iye anafika atazyolika.

"Mnzathuyu watichititsa manyazi. Tiuzeni lamulo la kuno, tilisunga."

Gundani yemweyo ndiye anapereka lamulo. "Nkhupakupa idyani. Ziwala idyani. Chilonda osakhudza. Wochikhudza achoke yekha."

Wadyera uja anauluka, osabwereranso. Anzake anatsala. Chilonda cha mwana chinapola. Dzinja linatha, chilimwe chinatha, palibe anakumbutsa zoti alendo azipita.

Tsiku lina Gundani khutu linamuyabwa. Anapukusa mutu, osatheka. Anakhula pamtengo, osatheka. Anaitana kakowa amene anali pafupi.

"Iwe mlendo, tandionere m'khutumu."

Kakowa anayang'ana uku ndi uku. "Mlendo uti, bambo? Ine ndinaswedwa m'bango umo."

Gundani anaseka mpaka misozi. "Chabwino, mnansi. Bwera."

Anaweramitsa mutu, natsinzina maso, kakowa n'kumatola.

Mwamva, ana inu? Wothawa moto sabwezedwa kumoto. Mlandireni, mumuuze mwambo wa pamudzi. Akalakwa mmodzi, mlandu ndi wake, si wa mtundu wake.

Yanga nthano yathera pomwepo.