A Masipoko Akana Kutsitsa Chishalo

Kashedi kokonzeramo njinga ka a Masipoko kadali m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe magalimoto a katundu amasinthira magiya pokwera mtunda. Utsi wonse wa magalimotowo unkathera mmenemo, fumbi nalo chimodzimodzi. M'katimo mudali benchi lakuda bii ndi gilisi, beseni la madzi loyeseramo machubu, ndi malimu akale olendewera kudenga. Zaka pafupifupi makumi atatu bambowa adakhala akuwerama pamenepo, kumata machubu ndi kuwongola malimu, mpaka anthu adaiwala dzina lawo lenileni n'kumangoti a Masipoko. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Akangozunguza tayala n'kutchera khutu, ankakuuza sipoko yomwe yafooka asanaikhudze n'komwe.

Koma munthu adali atatopa. Pofika masana msana unkakhala utauma, chifuwa sichinkatha, ndipo makasitomala adayamba kuchepa poti ambiri adasamukira ku njinga zamoto. Akaweruka ankangodziponya pampando, nsapato osavula, n'kumayang'ana khoma. Akazi awo adasiya kufunsa kuti kwayenda bwanji, chifukwa yankho linkakhala lomwelomwelo.

Mwana wawo wachisamba, wamkazi, ankagwira ntchito kuphiri kunja kwa tauni, pabwalo lomwe anthu amakaseweretsa njinga zokwera mapiri. Kumeneko adalambula tinjira tokhotakhota m'nkhalango, ndipo m'tinjiramo adaunjika zitunda za dothi zoti njinga zizilumpha. Ntchito ya mwanayo idali kuphunzitsa anthu kulumphako. Lamlungu lina masana adafika kwa makolo ake ndi nkhani.

"Bambo, makaniko wathu akupuma pantchito kumapeto kwa mwezi uno. Ndawauza abwana za inu, ndipo avomera kuti mukayesedwe."

A Masipoko adakweza mutu. Mwanayo adafotokoza kuti kumeneko kuli chipinda chokonzeramo njinga, cha simenti, cha mawindo, pansi pa mitengo. Njinga amaikoleka pachitsulo, munthu n'kumagwira ntchito ali chiimire, osawerama, ndipo kuweruka ndi folo koloko. Nkhope ya bambowo idawala koyamba patapita miyezi. Ntchito yotere kwa munthu woti imvi zayamba sibwera kawiri, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

"Koma pali chimodzi," adapitiriza mwanayo. "Njinga ikawonongekera pakati pa nkhalango, makaniko ndi amene amatsika ndi chikwama cha zitsulo kukaikonza. Galimoto silowako. Njira yake ili ndi zitunda zitatu zoti simungazilambalale, ndiye abwana akufuna akuoneni mukutsika bwinobwino. Muli ndi masabata atatu. Ndikuphunzitsani ndine."

Bambowo adaseka mpaka chifuwa chidawadzuka.

"Kukwera njinga basi? Iwe, unabadwa ine ndikupalasa kale. Anakugwirira chishalo tsiku lako loyamba ndani?"

"Ndinu, Bambo. Koma kulumpha n'kwina."

Lolemba m'mawa adapitadi. Mwanayo adawatulutsira njinga ya pabwalopo, ya matayala onenepa, ndipo choyamba chomwe adachita ndi kumasula chishalo n'kuchitsitsa mpaka pansi. A Masipoko adangoti kukamwa yasa. Tsono apa mpofunika kuwamvetsa. Moyo wawo wonse bambowa adakhala pankhondo ndi zishalo zotsika. Kasitomala akabwera ndi njinga yotero, ankamukweza panjingapo, chidendene papedulo, n'kukweza chishalo mpaka mwendo utawongoka, kwinaku akumulalikira za maondo omwe adzamuvute ku ukalamba. Ulaliki umenewu udali waulere, ndipo ankaupereka ngakhale kwa amene sadaupemphe. Ndiye lero mwana wobala okha awatsitsire chishalo anthu akuona?

Adapisa m'thumba, natulutsa kasipanala kawo, n'kuchibwezera m'mwamba.

"Bambo, kuno sitikhala pachishalo," adatero mwanayo modekha. "Polumpha mumaimirira pamapedulo, maondo ndi zigongono mutapinda. Mukamafika pachitunda mumaikanikiza njinga pansi ndi miyendo, kenako n'kuilola ikwere yokha pansi panu. Ikamakwera imafuna malo. Chishalo chikakhala m'mwamba chimakumenyani kumbuyo n'kukukankhirani kutsogolo. Mahandulo osakoka, mabuleki osagwira muli m'malere, maso pomwe mukukatera."

"Wamaliza?"

"Sindinamalize. Tiyambira pa tizitunda ito. Kakhumi m'mawa uliwonse sabata ino, kenako tipita pa chapakati."

Pa tizitunda ta oyamba kumenepo padali amayi awiri a mu ofesi, ana angapo ndi makolo awo, ndiponso dokotala wa mano wina wonenepa, yemwe ankakonzetsa njinga yake kukashedi kuja. Dokotalayo atawaona adafuula mokondwa.

"Aaa, a Masipoko! Nanunso mwayamba sukulu ya mkaka?"

Anthu adaseka, osati mwachipongwe, koma bambowo mawuwo adawabaya. Adakwera njinga, nadutsa tizitundato kawiri ali chikhalire pachishalo chawo chachitali. Palibe chidachitika, chifukwa tizitunda tating'ono timakhululuka zambiri ndipo njinga sinyamuka n'komwe.

"Waona? Ndagwa?"

"Simunagwe chifukwa simunalumphe."

"Nkhani n'kutsika phiri, mwanawe. Ine ndatsika mapiri ndi matumba awiri a simenti pakaliyala iwe usanamere mano."

Adabweza chipewa cholimba chomwe adawabwereka, nakwera njinga yawo ulendo wa kukashedi, ndipo kuphiriko sadapitenso kukaphunzira.

Mwanayo adayesetsa. Lachitatu adadzera kukashedi asanapite kuntchito, ndipo bambo ake adamuuza kuti pali limu la mwini wake lofunika msanga. Lachisanu adadzeranso, adamuuza kuti msana wavuta. Sabata yachiwiri adangoimba foni, bambo ake n'kumuyankha kuti kashedi sikangatsekedwe chifukwa cha masewera. Mwanayo ankakhala ataima padzuwa tsiku lonse kuphunzitsa alendo, ndipo alendowo ankamumvera, ena a iwo aakulu kuposa bambo ake. Zidamuwawa kuti munthu yekhayo amene ankafunitsitsa kumuthandiza ndi amene sankamva.

M'mawa wina akazi awo adawapatsa kapu ya tiyi n'kukhala pampando woyang'anana nawo.

"Bambo, mwanayu wakupezerani mwayi. Bwanji osangomumvera masiku atsalawa? Kodi kumvera mwana kumathothola ndevu?"

"Mayi, za njinga ndisiyireni ine."

"Ine ndikuona munthu wobwera kunyumba atapindika ngati chikwakwa. Mukufuna mudzafere mu utsi umene uja?"

"Ndati ndisiyireni."

"Chabwino. Mwakula mwatha, ine ndanena."

Chilungamo chake n'chakuti a Masipoko sadali opanda mantha. Masana ena, kukashedi kuli zii, ankakumbukira zitunda zikuluzikulu zomwe adaziona chapatali tsiku lija. Koma munthu wotopa safuna kuyambiranso pachiyambi. Kuphunzira kumafuna mphamvu, ndipo kuima pamzere ndi ana m'mawa uliwonse, kulakwitsa, kudzudzulidwa ndi mwana wako yemwe, zonsezo adaziona ngati katundu winanso pamsana wopweteka kale. Chinthu chimodzi chomwe dziko lidawasiyira chidali chakuti njinga amaidziwa. Adasankha kuchigwiritsa chimenecho, n'kumadziuza kuti tsiku lake likafika thupi lidzadziwa lokha chochita.

Loweruka la mayeso kudacha kwa mitambo. Abwana a pabwalopo, mayi wamtali wosachulutsa gaga m'diwa, adapereka moni n'kutsika wapansi kukaima pafupi ndi zitunda zija. Mwana uja adali atakonzeratu njinga, chishalo chili pansi. Adapita kukatenga chipewa ndi chikwama cha zitsulo, ndipo pobwera adapeza chishalo chakwera kale, bambo ake akubweza kasipanala m'thumba.

"Bambo, chonde," adanong'oneza. "Lero lokha."

"Abwana ako akudikira uko. Usandichedwetse."

Mwanayo adawayang'ana nthawi yaitali. Foni idali m'manja, ndipo akadatha kuwaimbira abwana kuti mayeso aime, koma kutero kukadakhala kuwavula bambo ake pagulu. Nayenso mphamvu zokangana zidali zitamuthera. Adawamanga lamba wa chipewa pansi pa chibwano, nawakoleka chikwama kumsana.

"Mukanyamuka, zala kutali ndi mabuleki. Chimenecho chokha mukumbukire."

Poyamba zidayenda bwino, tisabise. M'makona bambowa ankakhota mwaluso, mizu ya mitengo ndi miyala akuizemba monga munthu wokulira panjinga. Chitunda choyamba, chachifupi, adachidutsa ali chikhalire. Chishalo chidawagunda kumbuyo, njinga idagwedezeka, koma idatera. Munthu wina akadamva chenjezo pamenepo. Iwo adamva kuti apambana, ndipo adawonjezera kupalasa.

Chachiwiri chidali chofika m'chiuno. Tayala lakutsogolo lidakwera bwino, koma lakumbuyo litafika pamwamba lidakankhira njinga yonse m'mwamba, ndipo chishalo chidapeza munthu ali pomwepo. Chidawatukula ngati bulu wolusa. Adangozindikira mutu uli kutsogolo kwa mahandulo, maso akuona dothi. Pamenepo zala zidachita zomwe zidazolowera mumsewu galu akadutsa mwadzidzidzi: zidafinya mabuleki. Tayala lakutsogolo lidatera litauma gwa. Njinga idaima, munthu adapitirira. Adatsogoza dzanja lamanja, ndipo kuthyoka kwake abwana adakumva ali poteropo. Masipanala adamwazika m'tchire monsemo.

Kuchipatala adati fupa lathyoka pawiri, pamfundo ya dzanja penipeni. Adawaika chikhakha cha masabata asanu ndi atatu, ndipo dokotala adanena mosabisa kuti pa msinkhu wawo mphamvu yofinyira imabwerera mochedwa, mwinanso osabwerera yonse. Abwana aja sadachite nkhanza. Adatumiza uthenga wa pepani, adafunsa kangapo za wodwalayo, koma bwalo silikadakhala lopanda makaniko. Mwezi usanathe adalemba munthu wina.

Patangotha sabata a Masipoko adatsekulanso kashedi, poti kukhala pakhomo sikudyetsa. Kasitomala woyamba adali ndi tayala lophwa, ntchito yomwe kale ankaichita akucheza. Adalimbana nalo ndi dzanja lamanzere, chitsulo chotsegulira chikungopulumuka, thukuta lili kamukamu. Mwini njingayo adayang'ana wotchi kawiri. Mapeto ake bambowo adaweramitsa mutu n'kumuuza kuti apite kwa makaniko wa patsidya pa msewu. Adakhala pabenchi akumuona akuwoloka, ndipo tsiku limenelo adatumiza anthu anayi kutsidyako.

Chikhakha chitachotsedwa, mwana uja adabwera kudzawaona. Adawapeza pakhonde akufinya kampira komwe adawapatsa kuchipatala. Mkono udali utaonda, khungu litatuwa. Adakhala pambali pawo.

"Makaniko watsopanoyo akugwira bwino?" adafunsa bambowo.

"Akugwira bwino."

"Amalumpha?"

"Anaphunzira. Masabata awiri pa tizitunda, limodzi ndi ana. Ndi wamkulu kwa inu ndi zaka ziwiri."

Kampira kadasiya kufinyidwa. A Masipoko adayang'ana kumsewu.

"Ukanandiletsa tsiku lija."

"Ndinakuletsani masabata atatu, Bambo. Ndinatopa." Naye nkhaniyi inkamudya mumtima kuyambira tsiku lomwe adatola masipanala m'tchire muja. "Ndimafuna mupumeko. Ndi zokhazo zomwe ndimafuna."

Bambowo adapuma mozama. Adachita manyazi, ndipo nthawi ino sadawabise. Kenako adafunsa ndi mawu otsika, mawu a munthu wofunadi kumva yankho.

"Unkati chishalo chitsike kufika pati?"

Mwanayo adatambasula dzanja lake pang'ono pamwamba pa bondo. Bambo ake adayang'ana dzanjalo, nagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Basi? Kanthu kochepa chonchi?"

"Basi, Bambo."

Funso lidali labwino, ndipo yankho lake silidatenge ndi mphindi yomwe. Lidangobwera malo atatengedwa kale ndi wina, dzanja nalo litapita. Lolemba lake a Masipoko adadzuka m'mamawa, msana ukuwawa, kupita kukawerama mu utsi ndi dzanja limodzi ndi theka. Akuluakulu sadaname pomwe adati, Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.