Mawu a Sieni M'kompyuta Yodwala

M'mawa wa tsiku la ukwati wa mwana wake Litia, Pelenato wa pachilumba cha Savai'i anali kulimbana ndi kompyuta yakale m'nyumba ya mpingo, kunja fungo la nkhumba yootcha pamiyala litayamba kale kuitana alendo. M'kompyutamo munali nyimbo yokhayo yotsala ya malemu mkazi wake Sieni, ndipo Litia anali atanenetsa kuti gule wotsiriza wa mkwatibwi sadzavinira nyimbo ina.

Dzulo lake magetsi anathima makinawo ali pantchito. Tsopano akayatsidwa ankangoonetsa mdima ndi manambala oyenda mwaulesi. Pelenato, munthu wa mtima wapachala, ankawerenga mpaka khumi n'kuzula chingwe. Anatero kasanu konse.

Apo mlongo wake Fa'asega, amene anakalambira pantchito yokonza makompyuta mumzinda wa Apia, anamugwira dzanja.

"Achimwene, wodwala mumamuchiza pomukoka mwendo?"

"Chafa ichi, achemwali! Ndikachiponye m'nyanja, nkhanu zimvereko nyimbo."

"Sichinafe. Chikudzifufuza, inu n'kumachidula pakati. Khalani apo, manja pamaondo."

Kwathu kuno mawu a mlongo sabwezedwa; Pelenato anakhala pamkeka.

Fa'asega anayatsa makinawo, nawaimitsa asanadzuke bwino, nalemba lamulo lakuti adzuke kutumikira munthu mmodzi yekha: popanda zithunzi, popanda intaneti, makomo onse otseka, monga muja sing'anga amatulutsira abale m'chipinda cha wodwala. Kenaka analamula kuti malo osungira zinthu afufuzidwe ndi kusokedwa pamene panang'ambika.

Manambala anakwawa, nafika pa makumi anayi, naima. Dzanja la Pelenato linanyamuka lokha kulunjika ku chingwe.

"Ndikuliona dzanjalo," anatero Fa'asega osacheuka. "Nsomba mumaidikira tsiku lathunthu. Mkazi wanu simungamudikire ola limodzi?"

Dzanja linabwerera pabondo. Thukuta linatsika, belu la tchalitchi linalira, manambala anafika kumapeto. Makinawo atadzutsidwanso mwa masiku onse, mawu a Sieni anadzaza nyumba, ndipo amayi okonza zakudya kunja analuluta, misozi ili m'masaya.

Madzulo Litia anavina, thupi likunyezimira mafuta a kokonati, bambo ake akugubuduzika pansi momuzungulira monga mwa mwambo, akukuwa ndi chimwemwe.

"Ndinanena ine kuti sichinafe!" anafuula Pelenato.

"Inde, achimwene," anayankha Fa'asega akuseka, "ngakhale nkhanu zinakumvani."

Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.